Mutu Umene Uwawa Munthu Akaimirira

Lero tiphunzira za mutu umene uwawa munthu akaimirira, koma uleka iye akagona.

Mkati mwa cigaza ndi m'fupa la msana muli madzi oyera ngati a pakasupe, otsekeredwa m'kacikopa kolimba. Bongo uyandama m'madzi amenewa kuti usagundike ku fupa. Mwa munthu wamkulu madziwa ali ngati mamililita 150, ndipo thupi lipanga ena atsopano ngati mamililita 500 tsiku lililonse.

Aphunzitsi, ikani phwetekere m'citini ca madzi, kenaka mubowole citinico pansi. Ana aona kuti madzi akamacepa phwetekereyo atsika mpaka kukhala pansi. Ndi mmene zicitikira m'mutu. Nthawi zina kacikopa kaja kang'ambika kumsana, munthu osagwa kapena kumenyedwa, cifukwa n'kofooka kapena kalasidwa ndi kafupa kosongoka. Madzi akamadontha, bongo utsika ndi kukoka mitsempha, makamaka munthu akaima. Pamenepo mutu uwawa kunkhongo, khosi liuma, m'makutu mulira, ndipo ena acita mseru. Akagona cagada, ululu ucepa.

Matendawa sacitika kawirikawiri, ndipo agwira akuluakulu koposa ana. Mukaona mai kapena atate akuvutika motere, musalole kuti angotemedwa mphini. Apite ku cipatala ca pafupi, kapena ku St. Francis ku Katete, cipatala cimene cinayamba mu 1948. Akafotokoze bwino kuti mutu uleka akagona, pakuti mau amenewa ndiwo atsogolera dotolo. Ena acira pogona masiku angapo. Ena atumizidwa ku Lusaka kukajambulidwa ndi makina a MRI. Dotolo angathe kutenga magazi a wodwala yemweyo ndi kuwabaya kumsana, ndipo magaziwo aundana natseka pong'ambika paja.

Koma cenjerani! Ngati khosi lauma ndipo thupi latentha kwambiri, angakhale matenda oumitsa khosi, amene akupha msanga. Wodwala wotere afike ku cipatala tsiku lomwelo.

Tsopano yankhani m'mabuku anu: Kodi madzi a mu bongo agwira nchito yanji? Nanga cifukwa ninji mutu uleka kuwawa wodwala akagona? Tsalani bwino, ana inu.