KUCIRA PAMBUYO PA OPARESHONI YA MATUMBO

Nkhani ya lero ikunka makamaka kwa anthu olankhula Cinyanja amene akhala m'matauni a migodi a cigawo ca Midlands m'dziko la Zimbabwe, monga ku Zvishavane, ku Shurugwi, ku Kwekwe ndi ku Redcliff. Ambiri a iwo ndi ana ndi adzukulu a amuna aja anacoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ena pa ulendo wa pansi, ena pa malole a Ulere, kudzafuna nchito m'migodi ya asbestos, ya chrome ndi ya golidi, masiku amene matauni ena mwa awa anali kuchedwa Shabani, Selukwe ndi Que Que. Mainawo anasintha pambuyo pace, koma mabanja alipobe, ndipo matenda sanaleke kuwayendera. Pakati pa matendawo pali ena a m'mimba amene sacira ndi mankhwala akumwa, koma ndi mpeni wa dotolo.

Zifukwa zong'ambira munthu pamimba n'zambiri. Nthawi zina thumbo lalikulu limapotana ngati cingwe, njira nitsekeka, mimba nitupa ngati ng'oma. Bvuto limeneli lipezeka kawiri-kawiri mwa amuna acikulire m'maiko ano a Africa. Nthawi zina nthenda ya taifodi, yonga ija inabuka ku Gweru m'caka ca 2018, imaboola thumbo. Nthawi zinanso ndi khansa. Dotolo amadula mbali yoonongekayo, nalumikiza mbali ziwiri zotsala. Nchito imeneyi imatha pa maora owerengeka cabe. Koma kucira kapena kufa kwa munthu kumaweruzika m'masiku otsatapo, ali cigonere m'wodi.

Umboni wa mau amenewa ulipo. M'caka ca 2016 madotolo a m'zipatala 247 za m'maiko 25 a mu Africa, pamodzi ndi Zimbabwe ndi Zambia, analemba mbiri ya odwala 11,422 amene anacitidwa maopareshoni a mitundu-mitundu. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'caka ca 2018, mtsogoleri wa nchitoyo ali Profesa Bruce Biccard wa ku Cape Town. Odwala 2 mwa 100 ali onse anamwalira asanaturuke m'cipatala, ndipo mwa omwalirawo, oposa 9 mwa 10 anamwalira tsiku la opareshoni litapita kale. Ndiko kunena kuti ngozi yaikuru siili pa tebulo la dotolo ai, koma pa bedi.

Kale madotolo a dziko lonse anali ndi cizolowezi cimodzi. Wodwala anali kumletsa cakudya ndi madzi kuyambira pakati pa usiku. Atamng'amba, anali kumuika paipi m'mphuno yofika m'mimba, namthira madzi ambiri a diripi, namgoneka cagada masiku angapo osalawa kanthu, kudikira kuti matumbo ayambe okha kuyenda. Onse anayesa kuti kumeneko ndiko kupumitsa thupi. Munthu anali kukhala m'cipatala sabata lathunthu kapena kuposa, naturuka ali woonda ndi wolefuka.

Amene anayamba kukaika za cizolowezi cimeneci ndi dotolo wa ku Denmark, Henrik Kehlet. Iye anafunsa funso lapafupi: kodi cimene cisunga wodwala m'cipatala n'ciani? Anapeza kuti ndi zowawa, njala, kufooka kwa minofu ndi ulesi wa matumbo, ndi kuti zambiri mwa izi zinali kudza ndi kasamalidwe komweko. M'caka ca 1999 analengeza za odwala 16, ambiri a iwo okalamba, amene anawadula thumbo lalikulu nawasamala mwa njira yatsopano. Theka la iwo anapita kwao pasanapite masiku awiri kapena pa tsiku laciwiri lomwelo. Madotolo ena, monga Ken Fearon wa ku Edinburgh ndi Olle Ljungqvist wa ku Sweden, anagwirizana m'caka ca 2001 kuti ayese njirayo m'zipatala zao, ndipo m'caka ca 2005 analemba malangizo oyamba. Njirayo idziwika ndi dzina lakuti ERAS. M'caka ca 2022 kunaturuka malangizo ena olembedwera zipatala zazing'ono za m'maiko osauka, pakuti mbali yaikuru ya njirayi siilira makina odula, koma dongosolo ndi kumvana.

Dongosololi liyamba opareshoni isanacitike. Ngati tsiku lapanganidwa kale, wodwala ayenera kuleka fodya ndi mowa kwa masabata anai. Ngati magazi ace ali ocepa, ayambe waonjezeredwa mphamvu ndi mankhwala ndi cakudya cabwino. Auzidwe bwino-bwino, iye ndi mbale wace, zimene zidzacitika tsiku ndi tsiku, pakuti munthu wodziwa njira sacita mantha ndi mapiri ace. Cakudya colimba acileke maora 6 isanakwane nthawi, koma madzi oyera kapena tiyi wopanda mkaka angathe kumwa kufikira patatsala maora 2, ngati dotolo walola. Thobwa ndi mahewu siziwerengedwa ngati madzi oyera. Lamulo ili silikhudza munthu amene wafika mwadzidzidzi matumbo atatsekeka; ameneyo asapatsidwe kanthu kali konse pakamwa, ngakhale mankhwala a zitsamba, koma athamange naye ku cipatala.

M'cipinda ca opareshoni nchito ili ya madotolo ndi anamwino: kupereka mankhwala opha tizirombo ora lisanakwane kuti ang'ambe khungu, kufunditsa wodwala kuti thupi lisazizire, ndi kuyesa madzi a diripi kuti asacepe ndiponso asacuruke, popeza madzi ocuruka amatupitsa matumbo nawacedwetsa kuyenda.

Koma mbali imene idabwitsa abale ndi ya pambuyo pace. Munthu ayerekeze mkuru wina wa ku komboni ya ku Zvishavane, amene anatha zaka zace za unyamata pansi pa mgodi. Amng'amba m'mawa. Madzulo a tsiku lomwelo namwino afika ndi kapu ya madzi, nanena, “Agogo, imwani pang'ono, kenaka tikhale tsonga.” M'mawa mwace abwera ndi phala, namgwira mkono kuti ayende kufikira pa khomo la wodi. Mkazi wa mkuruyo aona zimenezi mtima uli m'mwamba, nati, “Amai, kodi ulusi suduka? Asiyeni bambowa apume.” Mantha ace ndi a cikondi, koma namwinoyo sali kucita nkhanza ai.

Cifukwa cace n'ici. Thumbo lili ngati munthu wa nchito: likapanda kupatsidwa cocita, limagona. Madzi ndi phala locepa zimalidzutsa, ndipo cakudya ndico cipatsa thupi zomangira cironda. Madotolo atayerekeza odwala odya msanga ndi odwala osala, sanapeze kuti kudya msanga kumaphwasula msoko. Kunena za kuyenda, munthu wogona cagada sapuma mokwanira. Makhololo amaunjikana pansi pa mapapo, cibayo nicilowa. Magazi a m'miyendo amayenda mwaulesi, ndipo angathe kuundana. Nthuli ya magazi oundanawo ikathamangira ku mapapo, imapha munthu mwadzidzidzi. Minofu nayo imasungunuka tsiku liri lonse limene munthu akhala pa bedi. Cotero malangizo anena kuti wodwala akhale kunja kwa bedi maora ngati 2 pa tsiku la opareshoni, ndi maora ngati 6 masiku otsatapo.

Mau amenewa alemera koposa kwa anthu a m'migodi. Amene anapuma pfumbi la miyala ku Shurugwi ndi ku Kwekwe, kapena la asbestos ku Zvishavane, kawiri-kawiri mapapo ao ali ndi zipsera, ndipo ena anadwalapo cifuwa cacikuru. Mapapo otere sacedwa kugwidwa ndi cibayo. Munthu wotere auze dotolo zaka zimene anagwira pansi, opareshoni isanacitike. Pambuyo pace azikoka mpweya kwambiri kangapo ora liri lonse, ndipo pokhosomola azigwiriza pilo kapena nsaru yopinda pa cironda.

Kuyenda ndi kukhosomola sikutheka munthu ali kumva zowawa zoopsa. Amuna ambiri a m'migodi anazolowera kupirira osadandaula, koma m'wodi kubisa zowawa si camuna ai. Wodwala anene, kuti apatsidwe mankhwala pa nthawi yace. Madotolo amakonda kuphatikiza mankhwala monga paracetamol ndi ena, nacepetsa morphine, cifukwa morphine wambiri amagonetsa matumbo ndi kucititsa mseru. Paipi ya mkodzo nayo icotsedwe msanga, pa tsiku loyamba kufikira lacitatu, pakuti ikakhalitsa imaitana tizirombo ndipo imamanga munthu pa bedi.

Mbale woyang'anira ali ndi gawo lace. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Iye ndiye ali pafupi usiku ndi usana, ndipo ndiye angayambe kuona kusintha. Ngati wodwala watentha thupi, mtima uli kugunda msanga, mimba iri kutupa, zowawa ziri kukula m'malo mocepa, ali kusanza, kapena wayamba kubwebweta, aitane namwino nthawi yomweyo, osadikira kuti kuce. Zizindikiro zimenezi zingatanthauze kuti msoko wa thumbo uli kudontha, ndipo bvuto lotere licizika likadziwika msanga. Asabweretse nsima, nyama kapena mankhwala a kumudzi osayamba wafunsa. Paja safunsa anadya phula.

Munthu amaturuka m'cipatala osati powerenga masiku, koma pamene ali kudya ndi kumwa, ali kuyenda yekha, mpweya wa m'mimba waturuka, ndipo zowawa ziri kumvera mapiritsi. Asanacoke afunse tsiku lobwerera ndi kumene angathamangire zinthu zikabvuta usiku, kaya ku cipatala ca boma la kwao kaya ku cipatala cacikuru ca cigawo ku Gweru. Wokhala kutali ndi mseu anene poyera, kuti dotolo aganizepo. Kunyumba apitirize kuyenda tsiku ndi tsiku, koma asanyamule zolemera kapena kubwerera ku fosholo ndi nyundo kwa masabata ngati 6, ngakhale ndarama zitasowa m'nyumba, kuopa kuti cironda cingaphuke.

Si odwala onse angayende pa liwiro limodzi. Wofika mocedwa, mafinya atafalikira m'mimba, adzafuna paipi ndi masiku ambiri, ndipo mau otsiriza ndi a dotolo amene anaona m'kati. Koma namwino akadza ndi kapu ya phala, natambasula mkono kuti wodwala aimirire, banja lisamletse. Limthandize, wina agwire mbali iyi, wina mbali iyo.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.