Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Zikomo ankhoswa a mbali zonse ziwiri pondipatsa mpata. Ana anga, dzutsani nkhope mundiyang'ane. Iwe mdzukulu wanga, leka kuseweretsa mpheteyo, siithawa. Nanunso akamwini, pukutani thukuta, pano si pabwalo la milandu.

Za kuchipinda alangizi anamaliza kale usiku uja, sindibwereza pamaso pa ana. Za apongozi: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo kuyambira lero aliyense wa inu ali ndi amayi awiri. Za ndalama, akamwini, inu mumayenda ndi geni yanu kuchokera ku Mandimba mpaka ku Cuamba, thumba lina metikale, thumba lina kwacha. Matumba onse awiri mkazi wanu aziwadziwa. Pamenepo ndathana napo.

Chimene ndaimirira pano ndi nkhani ya bala la mumtima, limene munthu amagona nalo osauza mnzake. Amuna anga, agogo anu akhala apowa, andilola kuti ndinene.

Tchalitchi la Amayi Maria a Consolata limene mwadalitsiramo ukwati wanu m'mawa uno ndi lomwenso tinadalitsiramo wathu. Mishoni ino ya Massangulo anaiyamba Bambo Pedro Calandri mu 1928, pakati pa abale athu Achiyao Achisilamu, ndipo ndi pomwepa pamene agogo anu anaphunzirira ukalipentala. Agogo anuwo anali munthu wanthabwala, wopala matabwa akuimba. Kenako nkhondo inafika. Tinathawa usiku, tinawolokera ku Chiponde n'kukakhala kwa achibale cha ku Namwera. Mwana wathu wamwamuna, amene ndinamubereka kumsana njira yonse, anadwala pofika ndipo anatisiya.

Mtendere atausainira ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu tinayamba kubwerera kwathu. Koma mwamuna amene ndinabwerera naye sanalinso yemwe uja. Amakhala tsiku lonse thabwa lili pamiyendo, osalipala. Usiku amadzidzimuka n'kutuluka kukakhala m'chimanga mpaka kucha. Kachasu analowa m'nyumba. Dzina la mwana uja silinkatchulidwa. Kwawo ankati ndawadyetsa mankhwala. Kwathu ankati pano ndi pamudzi pathu, atulutsireni katundu azipita. Amayi kuchitsime ankangoti banja ndi kupirira. Ine ndinkapemphera kolona usiku ndi usiku, ndikulira ndekha, iwo atatembenukira kukhoma.

Amene anatithandiza anali katekisiti wathu ndi akazi awo, Mulungu ause mizimu yawo. Bamboyo anabwera ndi mpando wothyoka mwendo kuti amukonzere, n'kukhala pansi kudikira. Sanalalike, sanatchule za mowa. Mpando utatha anabwera ndi chitseko, chitseko chitatha anabwera ndi benchi ya kutchalitchi. Akazi awo ankakhala ndi ine kuseri tikutongola chimanga, amandifunsa funso limodzi, kenako chete, kundisiya ndiyankhule mpaka mawu atandithera.

Tsiku lina anatikhazika pamphasa imodzi. Atapemphera mwachidule anati, bambo, auzeni akazi anu zimene munandiuza ine. Agogo anu anayang'ana manja awo n'kunena kuti iwo, kalipentala amene anakhomera anthu ambiri mabokosi, mwana wawo anamuika m'manda atamukulunga mumphasa chifukwa kunalibe thabwa ngakhale limodzi. Anati ankaganiza kuti ine ndimawaimba mlandu pochedwa kutithawitsa. Ana anga, zaka zonsezo ine ndinkaganiza kuti iwo akundiimba mlandu ine, poti mwana anadwalira kumsana kwanga. Nyumba imodzi, mphasa imodzi, aliyense akudzizenga mlandu umene mnzake sanamuimbe n'komwe! Tinalira tsiku limenelo. Pambuyo pake tinapita kwa bambo mfumu, tinalapa, tinapempha Misa ya mwana wathu, dzina lake linatchulidwa paguwa anthu onse akumva. Mowa sunathe tsiku lomwelo, ayi, unatha pang'onopang'ono, katekisiti uja akubwerabe.

Taonani, mkwatibwi akulira, utoto wonse wa m'maso wasungunuka. Mupatseni kansalu, ojambula akudikira.

Ndiye mverani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mnzako si mneneri kuti adziwe chimene chakukhala pamtima. Akamwini, inu amuna mumati kulira n'kwa akazi. Chimene mukuchimezacho chidzatulukira m'botolo kapena m'chibakera. Nenani. Mukakanika awiri, pitani kwa ankhoswa, n'chifukwa chake alipo. Zikakhala za mumtima ndi za chikhulupiriro, pamene pemphero lauma ndipo Mulungu akuoneka ngati ali kutali, funani banja lachikulire la mumphakati mwanu, katekisiti kapena wansembe. Sankhani wodziwa kumvetsera ndi kusunga chinsinsi. Amene amayamba kukuwerengerani mavesi musanamalize kuyankhula, kapena wofulumira kuloza mfiti pakati pa abale anu, muthokozeni, mumuperekeze.

Iwe mwanawe, usamathamangire kwa amayi ako ndi kamkangano kalikonse. Iwe mawa udzakhululuka, amayi ako adzakumbukirabe mpaka ubatizo wa mwana wachitatu. Ndipo mavuto a m'nyumba asakapezeke pa WhatsApp, ndidzamva ndithu, adzukulu amandiwerengera.

Pali zina zoti pemphero liziyenda limodzi ndi chipatala. Munthu akasiya kugona, akasiya kudya, akayamba kuyankhula zofuna kufa, kapena mayi akabereka n'kumangolira osafuna kuyamwitsa, musatsekere pakhomo n'kumati ndi ziwanda. Mutengereni kwa adokotala, kaya ndi ku Cuamba kaya ku Lichinga, uku mukumupempherera.

Tsopano akamwini, ndiyang'aneni bwino. Kupirira kumene Mpingo umaphunzitsa si kupirira zibakera. Tsiku limene mudzakweze dzanja pa mwana uyu, ine ndi ndodo yangayi tidzafika ankhoswa asanafike, ndipo nkhani siidzathera m'nyumba. Iwenso lilime lako ulisunge, ndimalidziwa, ndinakulera ndine.

Achibale anu ena amapita kumzikiti Lachisanu, inu kutchalitchi Lamulungu. Akabwera kwanu, nkhuku azizinga okha, mphika wawo ukhale woyera, mudye pamodzi monga takhalira pano kuyambira kale.

Ankhoswa, imirirani kuti anawa akuoneni bwino nkhope. Agogo awo, bweretsani mpando uja mwawakhomera, aulandire.