Magazi a m'nkhama: musadikire dzino ligwedere

Abambo ndi amayi a m'mapulazi a kuno ku Arcturus, ndi inu ogwira ntchito m'nyumba za ku Harare,

Pa kafukufuku wanga wa nkhani za ntchito ndaona kuti ambiri timapirira dzino kufikira litagwedera, poopa kudulidwa malipiro a tsikulo. Komatu dzino siligwedera tsiku limodzi. Zotsalira za chakudya zikakanirira m'mphepete mwa nkhama, tizilombo timaswana, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi potsuka. Zikadali apa, kutsuka bwino kawiri pa tsiku ndi kukapalitsa mano kuchipatala kumathetsa vutoli. Likalekereredwa limatsikira pansi n'kuyamba kudya fupa la nsagwada, ndipo fupa lodyekalo silimeranso lokha.

Ena mwa inu muli ndi dzino loikirira, lomangidwa pa kachitsulo ka titanium kolowetsedwa m'fupa, njira imene Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anayamba kuigwiritsa ntchito pa munthu mu 1965. Dzino lotere silibooka, koma fupa lolizungulira limadyeka chimodzimodzi, kawirikawiri popanda ululu wokuchenjezani. Mukaona magazi kapena mafinya, pitani kwa dokotala wa mano. Iye amayeza kuya kwa nkhama, kujambula fupa ndi kuyeretsa kachitsuloko. Matenda akakula amatsegula nkhama kuti ayeretse pansi pake, nthawi zina n'kuikapo fupa lina, kapena kuchotseratu kachitsuloko. Mapiritsi ogula pamsika angachepetse kutupa, koma gwero limatsala. Kusuta fodya ndi matenda a shuga osasamalidwa zimafulumizitsa kudyekako.

Nanga malipiro? Gawo 14 la Labour Act limalola wantchito wodwala tchuthi cha masiku ofika 90 pa chaka, akulandira malipiro onse, bola apereke kalata ya dokotala. Gawo 76 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limaletsa chipatala chilichonse kukana munthu wofuna thandizo la mwadzidzidzi, kaya makolo ake anachokera ku Malawi, ku Mozambique kapena ku Zambia. Nkhope yotupa limodzi ndi kutentha thupi kapena kuvutika kumeza ndi vuto la mwadzidzidzi, musagone nalo.

Choncho musachoke kuchipatala osatenga kalata. Ijambuleni pa foni musanaipereke kwa kapitawo kapena kwa abwana. Akakudulani malipiro, a m'mapulazi kadandauleni ku GAPWUZ, ndipo a m'nyumba pitani ku ofesi ya boma yoona za ntchito.