Musathawe sayansi: zomwe ndinayankhula pa msonkhano wathu Loweruka

Ambiri mukundidziwa, ndine mwana wa konkuno ku Chitedze. Mwandipempha kuti ndifotokoze zomwe ndakumana nazo m'chaka changa choyamba ku Bunda, ku yunivesite ya LUANAR. Ndiyankhula makamaka kwa inu azing'ono anga amene mukulowa Fomu 3.

Nditasankhidwa, ndinkati popeza ndi sukulu ya ulimi ndipo ine ndakulira pa khasu, zonse zikhala zofewa. Ndinadzinamiza. Chaka choyamba sayambira ku munda ayi. Amayamba ndi maphunziro a maziko: Biology, Chemistry, Physics, masamu, kompyuta ndi luso la kulemba. Kaya ukufuna za mbewu, za ziweto kapena za nthaka, khomo lake ndi lomwelo.

Mayeso anga oyamba a Chemistry ndinalakwa, osabisa. Ku sekondale kwathu kunalibe labu, ndiye ine ndinkangoloweza manotsi kuti ndikhoze MSCE basi. Tsiku loyamba mu labu manja ankanjenjemera, kuopa kuswa magalasi. Ndinaganiza za mayi anga omwe anagulitsa mtedza wawo kuti ndipeze ya thiransipoti, tulo osabwera. Paja ukalephera phunziro umalemba mayeso obwereza, ndipo zikachuluka ukhoza kubwerera kumudzi.

Chinandithandiza n'chiyani? Ndinayamba kuona kuti sayansiyi ndi zinthu za pakhomo pathu pomwe. Tengani thumba la feteleza wa Urea. Palembedwa 46%. Tanthauzo lake n'lakuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni, chakudya chimene chimabiriwiritsa chimanga. Amenewo ndi masamu ndi Chemistry. Zulani mtedza kapena soya muone timaphundu ta ku mizu: muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni mu mpweya. N'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pomwe panali mtedza. Imeneyo ndi Biology. Chuku chimene chimagwira mtedza wosauma bwino, nacho ndi Biology. Pampu ya sola yokweza madzi ku dimba ndi Physics.

Komanso taonani mwayi wathu. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, omwe anakhazikitsidwa mu 1948, ali pakhomo pathu penipeni. Timadutsa m'mbali mwa minda yawo yoyesera mbewu tsiku ndi tsiku, koma ndi angati mwa ife amene anafunsapo kuti akuyesa chiyani? Akatswiri amenewo nawonso anayambira pa maphunziro omwewa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Posankha maphunziro mu Fomu 3, musasiye Physics ndi Chemistry chifukwa choti anzanu akuti n'zovuta. Masamu musawataye, ngakhale Chingerezi, chifukwa kuti ulowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Atsikana, mawu oti sayansi ndi ya anyamata ndi bodza. Mnzanga amene anandiphunzitsa Chemistry mpaka ndinakhoza ndi mtsikana.

Tchuthi chino ndili pompano. Amene mukufuna, tizikumana Loweruka masana tikamaliza za kalabu. Bwerani ndi kope, cholembera ndi funso lomwe linakukanikani m'kalasi. Ine ndibwera ndi thumba lopanda kanthu la Urea, tiyambire pamenepo.