Mawu a Mlembi: Kamera Yathu Yakale



Patebulo pano taikapo kamera yakuda ija ambiri mukuikumbukira. Anatipatsa ndi bambo wina wa mpingo uno atabwera ku migodi ya ku Joni masiku a TEBA. Dzina lolembedwa patsogolo pake ndi la sitolo imene anakaigulako, pakuti masitolo akuluakulu ankapangitsa makamera ku mafakitale a ena nalembapo maina awo.

Kamerayi sinkafuna sukulu yambiri, chifukwa inkayeza yokha kuwala. Ife tinkangoika mabatire aŵiri ndi filimu ya zithunzi 24 kapena 36, kudikira kanyale ka fulashi kayake, kenaka n'kudina. Kuwala kwa fulashiyo kunkafika pafupifupi mamita 3 okha. N'chifukwa chake amayi a mzere wakumbuyo m'tchalitchi akuoneka ngati ali mumdima. Filimu ikatha tinkasonkha ndalama kuti mmodzi akwere basi kukatsukitsa ku Lilongwe.

Chaka china tinalakwitsa. Tinatsegula kumbuyo kwa kamera filimu isanabwezedwe m'kachitini kake. Kuwala kunaloŵa, zithunzi za msonkhano wonse zinapsa. Mmenemo munali agogo aŵiri amene anayambitsa chigwirizano chathu. Chaka chisanathe anatisiya, ndipo lero tilibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Madzi akatayika saoleka.

Tsopano ana athu akujambula ndi foni, ndipo kamerayi yapuma. Koma pokonza magazini ino tinapeza vuto lina. Zithunzi zina zadyedwa ndi chiswe, zina zamatana ndi chinyezi m'masutikesi. Zina n'zabwinobwino, koma palibe wotha kutchula maina a amayi ali pamenepo.

Tsono pempho lathu ndi ili. Mukafika kunyumba tulutsani zithunzi zija, mukhale pansi ndi agogo akadali moyo, akuuzeni maina. Lembani kumbuyo dzina, mudzi ndi chaka. Lembani ndi pensulo, pakuti inki imaloŵerera. Manegetivi musapatse ana kuseŵeretsa. Asungeni mu envulopu pamalo pouma, chifukwa chithunzi chingathe kutsukidwanso kuchokera pamenepo.

Pa msonkhano wa mwezi wamaŵa mudzabwere nazo, tidzazilembe m'buku la chigwirizano ndi kukubwezerani.