"Old" Si Nkhalamba Nthawi Zonse

Mwandipempha kuti ndiyankhule za mau a Chingerezi onena za ukalamba, ndiye ndiyamba ndi manyazi anga omwe.

Ndili ku Britain, ndinafuna kuthokoza mayi ena a kutchalitchi amene ankatisamala ife othawa kwawo. Pamaso pa anthu ndinawatchula kuti "old woman". Mumtima mwanga ndinkati "agogo", mau aulemu. Mayiwo anangoti duu, ndipo panapita masabata asanandipatsenso moni. Ndikadati "older lady" zikadachepako, komatu kumeneko msinkhu wa mayi sautchula wamba.

Vuto nlakuti ife timasiyanitsa. Munthu amakalamba, nsalu imatha, nkhani imakhala yakale. Mngerezi zonsezi amazithira mu "old". Choncho "old friend" si bwenzi lokalamba ai, koma bwenzi lakalekale, mwina la zaka 30 zokha. "My old boss" ndi bwana amene ndinasiyana naye. Koma "old" yemweyo ukamuika pa munthu ali pompo, amaluma.

"Elderly" ndi wofewerapo, ngakhale ena samukondabe. Ulemu weniweni uli mwa "elder", amene ali ngati "akuluakulu" athu. M'chaka cha 2007 Nelson Mandela anakhazikitsa gulu la atsogoleri okhwima, m'menemo munali Desmond Tutu, Kofi Annan ndi Jimmy Carter, ndipo linatchedwa The Elders. Taganizani likadatchedwa The Old Men! Amayi ngati Graça Machel analimonso. "Elder" ngwa anthu okha: achimwene anu ndi "elder brother", koma galimoto imangokhala "older".

Samalani ndi "aged". "The aged" ndi nkhalamba zofuna chisamaliro, pamene "aged 5" ndi kamwana ka zaka 5.

"Ancient" ndi wa zinthu za makedzana, monga zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inazizindikira mu 2006. Mukanena apongozi anu kuti "ancient", konzekerani mlandu.

Awiri otsiriza amafanana nkhope koma ndi adani. "Antique" ndi katundu wa zaka 100 kapena kuposa, amene mtengo wake umakwera chifukwa cha ukalewo. "Antiquated" ndi chinthu chimene nthawi yake inatha. Inu amene mumalembera a Mkonzi kudandaula za lamulo lotsalira kwa atsamunda, mukati "old law" mwangotiuza zaka zake. Mukati "antiquated law" mwapempha kuti lichotsedwe. Koma mukalakwitsa nkulemba "antique law", owerenga aganiza kuti mukufuna tilipukute fumbi, tilisunge pakabati.