Tinaphika Kinowa Koyamba



Lero tikamba za chakudya. Tikamba za mbewu imene ambiri a ife sitinaionepo m'munda. Dzina lake ndi kinowa. Pa phukusi amalemba kuti quinoa. Zilembo zitatu zoyambazo, q, u, i, timaziwerenga kuti "ki", monga m'liwu la Chipwitikizi lakuti quilo. Tiyeni tinene pamodzi: ki-no-wa.

Tisabise, tsiku loyamba tinalephera. Mwana wa mnzathu wina, amene amagwira ntchito ku Maputo, anatumizira amayi ake phukusi la theka la kilo. Amayiwo anabwera nalo kuno kuti tiphike limodzi. Tinaona timbewu toyera, tozungulira, tokulirapo pang'ono kuposa mawere. Tinati, "Izi n'zapafupi." Tinatapa kapu imodzi, tinathira mumphika, tinathira madzi osayeza, tinatakasa ngati phala. Titaphula, chakudyacho chinali chamadzimadzi ndiponso chowawa. Ana analavula. Kapu yonse ija tinapatsa nkhuku.

Kodi inalakwa ndi mbewu? Iyayi. Tinalakwa ndife. Kuseri kwa phukusi kunali malemba, ndipo sitinawawerenge. M'mawa mwake tinakhala pansi, tinawerenga liwu ndi liwu, wodziwa kuthandiza wosadziwa. Langizo loyamba, tikalinena m'Chinyanja, linali lakuti: tsukani.

Chifukwa chake n'chiyani? Khungu la mbewuyi lili ndi mankhwala achilengedwe owawa otchedwa saponini. Ndi chishango chake. Mbalame ikajompha, imamva kuwawa n'kuthawa. Ife amene timatsekereza tsiku lonse m'munda wa mapira kuthamangitsa mbalame, tikumvetsa ubwino wa chishango chotere. Koma mumphika sichifunika. Ndipo ntchito yochotsa kuwawa si yachilendo kwa ife. Chinangwa chowawa timachiviika tisanapange ufa. Kusiyana kwake n'kwakuti chinangwa chimatenga masiku, pamene kinowa amatenga mphindi zochepa. Ogulitsa ambiri amayamba amuyeretsa asanamuike m'maphukusi, komabe kutsuka sikuononga kanthu.

Tsopano timve mmene tinaphikira tsiku lachiwiri.

Choyamba, kutsuka. Thirani kinowa m'mbale yakuya, muthiremo madzi oyera. Tikitani mbewuzo ndi manja. Muona thovu ngati la sopo. Kuwawa kuja n'komweko. Tsanulani madziwo mosamala, pansalu yoyera kapena pasefa wa timabowo tating'ono, chifukwa timbewuti timathawa ndi madzi. Bwerezani katatu kapena kanayi, mpaka thovu litatha.

Chachiwiri, kuyeza. Kapu 1 ya kinowa imafuna makapu 2 a madzi. Kapu yake ikhale imodzimodzi. Thiraninso mchere pang'ono.

Chachitatu, moto. Madzi akawira, chotsani nkhuni zina kuti moto uchepe. Vundikirani mphika. Musatakase. Dikirani mphindi 15.

Chachinayi, kuzindikira kuti wapsa. Madzi amauma, mbewu zimafufuma, ndipo pa kambewu kalikonse pamaoneka kamchira koyera kopindika. Ena mwa ife titaona timichirato tinafuna kutaya mphika, poyesa kuti ndi mphutsi. Si mphutsi ayi. Ndi kamtima ka mbewu, kamene kakadamera mbewuyo ikadadzalidwa.

Chachisanu, kuphula. Phulani mphika, koma musavundukule kwa mphindi 5. Kenaka tembenuzani pang'onopang'ono ndi supuni kuti mbewu zimasuke.

Tichite masamu. Kapu 1 ya kinowa wouma imatulutsa makapu pafupifupi 3 a wophika. Ife tinatsala ndi makapu 2. Madzi tinathira makapu angati? Inde, 4. Chakudya chinatuluka makapu angati? Inde, 6. Tinadyera nyemba ndi nkhwani wotendera. Kunalibe kuwawa. Ana omwe analavula aja anabweretsanso mbale. Musayembekeze kuti mutapa mitanda ngati nsima. Kinowa amadyedwa ngati mpunga. Mukafuna phala la mwana, onjezani madzi, muphike nthawi yotalikirapo, muthire nsinjiro. Ndipo inu abambo, ntchitoyi si ya amayi okha. Woyeza madzi tsiku limenelo anali bambo.

Kodi mbewu imeneyi kwawo n'kuti? Kwawo ndi ku South America, kumapiri a Andes, makamaka m'maiko a Peru ndi Bolivia. Kumeneko kuli nyanja yotchedwa Titicaca, imene ili pamtunda wokwera mamita 3,800. N'kozizira, nthaka yake ndi yosauka, mvula ndi yochepa. Alimi a mitundu ya Quechua ndi Aymara akhala akulima kinowa kwa zaka zoposa 3,000. Amamuphika mumsuzi pamodzi ndi mbatata ya kachewere, imenenso kwawo n'komweko.

M'chaka cha 1532 atsamunda a ku Spain anafika ku Peru. Anabwera ndi tirigu ndi balere. Kinowa anamunyoza kuti ndi chakudya cha anthu wamba. Kwa zaka mazana ambiri anthu a m'mizinda ankachita naye manyazi. Koma alimi a kumapiri sanataye mbewu yawo. Anaisunga, anaidzala, anaipatsira ana awo. M'chaka cha 2013 bungwe la United Nations linapatula chaka chonsecho kukhala chokumbukira kinowa. Chakudya chonyozeka chija lero chimagulidwa ndi anthu olemera a ku London ndi ku New York.

Nkhani imeneyi ikutikhudza. Nafenso tinalamulidwa ndi atsamunda. Makolo athu anakakamizidwa kulima thonje mpaka chaka cha 1961, minda ya chakudya n'kumagonera. Nafenso tinaphunzitsidwa kuchita manyazi ndi mapira, mawere ndi masamba a kudambo. Tsono imvani izi: kinowa ndi mbale wake wa bonongwe. Ndi banja limodzi. Bonongwe amene amamera yekha kuseri kwa khola, amene ena amamuzula ngati udzu, m'bale wake ndi uyu tinalandira m'phukusi lochokera ku Maputo.

Chimene anthu amamutamira kinowa ndi chakudya chomanga thupi. M'magalamu 100 a kinowa wouma muli magalamu pafupifupi 14 a chakudya chomanga thupi. M'chimanga muli pafupifupi 9. Mumpunga muli pafupifupi 7. Komanso mwa kinowa muli mitundu yonse ya zomanga thupi zimene thupi silingathe kupanga lokha, pamene m'chimanga zina ndi zopelewera. N'chifukwa chake mwana wodya phala la mgaiwa lopanda kanthu tsiku ndi tsiku sakula bwino.

Koma tichenjezane. Kinowa wa m'sitolo ndi wokwera mtengo, chifukwa amachokera kutali. Wina asagulitse nyemba zake kapena mtedza wake kuti akagule kinowa. Zimene zimapelewera m'chimanga, nyemba ndi mtedza zimakwaniritsa. Nsima, nyemba ndi bonongwe wotendera ndi chakudya chokwanira. Kinowa akapezeka, timulandire ngati mlendo. Mlendo sathamangitsa eni nyumba.

Ena afunsa kuti, "Kodi kuno angamere?" M'chaka cha 2012 akatswiri a zaulimi a ku Bunda, m'dziko la Malawi, anayamba kumuyesa. Anamudzala ku Bunda komweko ndi ku Bembeke, m'boma la Dedza, limene lachita malire ndi Angónia. Mbewu inamera ndipo inabereka. Amene akufuna kuyesa ayambe wafunsa alangizi a zaulimi, ndipo ayambe ndi mizere yochepa.

Anzathu, kapu yoyamba ija inatayika chifukwa cha liwu limodzi limene sitinawerenge. Lero linali phukusi la chakudya. Mawa lidzakhala botolo la mankhwala a mwana, kapena thumba la feteleza, kapena kalata ya malo. Tikafika kunyumba, aliyense atenge kope lake alembe mawu anayi awa: tsuka, yeza, vundikira, dikira. Mawa tidzawerengerana.

Umbuli uthe!
Njala ithe!
Maphunziro apitirire!